Dzuwa la ku Salima, Madzi a pa Liwonde, Mawaya a pa Phombeya

Inu a ku Machinga ndi ku Balaka amene mwatchera khutu ku wailesi, nkhani ya lero ikudutsa pakhomo panu penipeni. Tikamba za magetsi ochokera ku dzuwa, ndi zimene zimafunika kuti alowe bwino m'mawaya a ESCOM popanda kubweretsa chisokonezo. Ambiri tikamva za sola timaganiza za kapanelo kapadenga kotchajira foni, koma lero tikunena za minda ikuluikulu ya mapanelo: wa ku Nanjoka m'boma la Salima, umene unayamba ntchito mu 2021 ndipo umatha kutulutsa mamegawati 60, wa ku Golomoti ku Dedza wa mamegawati 20, umene unatsatira mu 2022, ndi wa ku Nkhotakota wa mamegawati 21. Yonse pamodzi ndi mamegawati 101, pamene makina onse a EGENCO oyendera madzi sakwana 400. Mfundo yanga ndi yakuti dzuwa tikulifuna, ndipo tikufuna lochuluka kuposa limene takolola mpaka pano, koma phindu lake silidzapezeka pongochulukitsa mapanelo. Lidzapezeka kapena kutayika pa zinthu zimene zimagwira ntchito mapanelo akafooka, ndipo ziwiri zikuluzikulu mwa zimenezo zili kwanu: baraji ya pa Liwonde ndi siteshoni ya magetsi ya pa Phombeya.

Choyamba kuchimvetsa n'chakuti mawaya sasunga magetsi. Magetsi amene akuyatsa babu m'sitolo ya pa Ulongwe mphindi ino apangidwa mphindi yomweyino, kaya ku Nkula, ku Tedzani kapena ku Salima. Zimene anthu akugwiritsa ntchito ziyenera kufanana ndi zimene makina akutulutsa, sekondi iliyonse, usana ndi usiku. Amene munaimapo pachigayo mukudziwa mmene kulira kwa injini kumasinthira chimanga chikathiridwa chambiri nthawi imodzi: liwu limatsika, lamba amalemedwa, ndipo wogayitsa akapanda kuchepetsa, chigayo chimazima. Akaleka kuthira, injini imapepukidwa n'kumalira mokweza. Makina onse opukusa magetsi m'dziko muno amazungulira mogwirizana ngati injini imodzi, ndipo magetsi ake amayenera kusinthasintha ka 50 pa sekondi. Ofuna magetsi akaposa mphamvu ya makina, nambala imeneyi imatsika. Mphamvu ikaposa ofuna, imakwera. Ikasuntha pang'ono, makina amadziwongola okha potsegula kapena kuchepetsa njira ya madzi. Ikasuntha kwambiri, zida zotetezera zimayamba kudula madera ena, ndipo zikafika poipa makina amadzichotsa onse motsatizana, magetsi n'kuthima kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Kuwadzutsanso kumatenga maola.

Makina a ku Nkula ali ndi zitsulo zolemera matani ambiri zimene zimazungulira, ndipo chinthu cholemera chikamazungulira sichiima mwadzidzidzi. Vuto likagwa pa mawaya, kulemera kumeneku kumagwiriziza liwiro kwa masekondi angapo, ndipo masekondi amenewo ndi amene amapatsa mpata zida zina kuti zichitepo kanthu. Mapanelo alibe chozungulira. Amatulutsa magetsi ofanana ndi a m'batire, mainveta n'kuwasandutsa kuti afanane ndi a m'mawaya, ndipo mainveta ambiri amangotsatira liwiro limene alipeza. Ndiye masana dzuwa likamaswa mtengo, ngati tazimitsa makina ena a madzi poti sola yachuluka, tachepetsanso kulemera kumene kumatiteteza. Kenako pamabwera mtambo. Mu Januwale kapena Febuluwale mtambo wakuda ungaphimbe munda wonse wa ku Nanjoka m'mphindi zochepa, gawo lalikulu la mamegawati 60 aja n'kuzimiririka, n'kubweranso mwadzidzidzi mtambo ukadutsa. Ku South Africa kutaya mamegawati 40 sikumveka n'komwe. Kwa ife ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a makina athu onse a madzi. Pamwamba pa izi pali chimene aliyense akudziwa: dzuwa limalowa nthawi yomwe Amalawi timafuna magetsi kwambiri, kuyambira cha m'ma 5 koloko madzulo mpaka m'ma 9, mababu atayatsidwa, miphika ili pamoto wa magetsi, mawailesi akanema atatsegulidwa.

Izi tinaziona ndi maso. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula mbali ya damu la Kapichira, ndipo makina a kumeneko, mamegawati pafupifupi 130, anaima kwa nthawi yoposa chaka mpaka mu 2023. Gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a madzi linachoka patangopita miyezi yochepa munda wa ku Salima utatsegulidwa. Pakadapanda sola, kuthimathima kwa masana kukadakhala koopsa kuposa mmene kunalili. Koma makina otsala a ku Nkula ndi Tedzani ankafunika kuthamanga ndi mphamvu zawo zonse, ndipo makina amene akutulutsa kale zonse zimene angathe alibe chowonjezera mtambo ukaphimba mapanelo. Chotsala n'kudula anthu. Sola yomweyo imene inkatipulumutsa inali yovuta kuisunga pa mawaya, chifukwa inalibe chotsamira.

Apa wina anganene kuti, ngati dzuwa lili ndi mavuto otere, bwanji osangokhala ndi madzi amene tinawazolowera kuyambira 1966 pamene Nkula A inayamba ntchito? Funsoli ndi lomveka, koma mbiri ya mtsinje wa Shire ikuliyankha. Pafupifupi magetsi athu onse a madzi amachokera mu mtsinje umodzi, ndipo mtsinjewo umadalira kuti nyanja ya Malawi ikhale yodzaza mokwanira. Pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inatsika mpaka madzi analeka kutuluka kulowa mu Shire. M'zaka za 2015 mpaka 2017 mvula itavuta, nyanja inatsikanso kwambiri, makina anasowa madzi, ndipo dziko linafika pobwereka majenereta a dizilo a kampani ya Aggreko mu 2018, amene tinawalipira modula mpaka 2022. Tsono taonani mmene nyengo zimakhalira. Nyanja imafika pamwamba cha mu Epulo kapena Meyi, kenako imatsika pang'onopang'ono mpaka Novembala kapena Disembala. Miyezi imene madzi amachepa, Seputembala, Okutobala ndi Novembala, ndi yomwe kumwamba kumayera mbee, dzuwa la ku Balaka n'kumawotcha mpaka kumapazi. Chaka cha chilala, chimene chimafooketsa makina a madzi, ndi chaka cha dzuwa lambiri. Ziwirizi zimakwanirana, ndipo kukana sola chifukwa cha mitambo ya mu Febuluwale n'kudzibwezera tokha ku dizilo mu Okutobala.

Kukwanirana kumeneku sikuchitika pakokha. Pamafunika chitseko cha madzi, ndipo chili pa Liwonde. Inu amene mumawoloka Shire pa baraji popita ku Zomba kapena ku Balaka mumaziona zitseko 14 zija zitandandalikana mumtsinje. Kamuzu Barrage inamangidwa mu 1965, ndipo ntchito yake ndi kuletsa kapena kulola madzi ochokera m'nyanja ya Malawi kudzera ku Malombe. Popeza kuchokera ku Mangochi kufika pa Liwonde mtsinje sutsetsereka kwenikweni, kutseka pa Liwonde kumamveka mpaka kunyanja. Ntchito yokonzanso baraji, imene inachitika ndi thandizo la World Bank ndipo inatha 2020 isanafike, inawonjezera masentimita 40 pa msinkhu umene zitsekozo zingathe kuwongolera. Masentimita 40 akumveka ochepa, koma nyanja yathu ndi yotambalala pafupifupi masikweya kilomita 30,000. Sentimita imodzi yokha pamwamba pa nyanja yonseyo ndi madzi okwana makyubiki mita pafupifupi 300 miliyoni, ndipo masentimita 40 ndi pafupifupi 12 biliyoni. Madzi amenewa akatulutsidwa sagwira ntchito kamodzi: amapukusa makina ku Nkula, n'kutsikira ku Tedzani, n'kukapukusanso ku Kapichira, m'chigawo chimene mtsinje umatsika mamita oposa 300. Ndiye ganizirani zimene zimachitika munda wa mapanelo ukamatulutsa mamegawati 60 masana onse a mu Okutobala. Ngati oyendetsa makina ndi oyendetsa baraji akumvana, madzi amene akadafunika kupanga magetsi amenewo atha kutsala m'nyanja, kudikira Disembala mvula ikachedwa. Ena amada nkhawa kuti madzi osungidwawo angouluka ndi dzuwa, ndipo n'zoona kuti madzi ambiri amene nyanja imataya amauluka, ochepa okha ndi amene amatuluka mu Shire. Koma kuuluka kumadalira kutambalala kwa nyanja, osati kuya kwake, ndipo kuwonjezera sentimita imodzi kapena ziwiri sikukulitsa nyanja kwenikweni. Palibe batire logula limene lingasunge mphamvu yochuluka chotere kwa miyezi, ndipo ife chida chimenechi takhala nacho kuyambira 1965.

Koma baraji ili ndi malire ake. Madzi otsegulidwa pa Liwonde amatenga maola ambiri kuti adutse pa Matope n'kukafika ku Nkula, kotero sangathandize pa mtambo umene wabwera mphindi ino. Ntchito ya maola ndi ya timadamu timene tili kumtunda kwa makina ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira: masana sola ikachuluka makina amachepetsa, madzi n'kumadzaza m'damu, ndipo madzulo amatsegula onse. Vuto ndi lakuti madamuwa akwiririka ndi matope ndi mchenga. Dothi limenelo limachokera m'minda yolimidwa mpaka m'mphepete mwa mitsinje ndi m'mapiri amene ametedwa mpala. Limatsika ndi Rivirivi kuchokera ku Ntcheu kudutsa m'boma la Balaka, limatsika ndi timitsinje tina, n'kukakhazikika pamene payenera kukhala madzi. EGENCO imawononga ndalama zambiri kukumba matopewa, komanso kuvuula namasupuni ndi udzu pa Liwonde kuti zisakatseke makina. Thumba lililonse la makala loimikidwa m'mbali mwa msewu pa Phalula lili ndi gawo lake pa nkhaniyi. Sindikunyoza wowotcha makala, amene nthawi zambiri alibe njira ina yodyetsera ana, ndipo makalawo amagulidwa ndi a m'tauni amene magetsi awathimira nthawi yophika. Ndikunena kuti amene akulemba bajeti ya mphamvu ya dzuwa awerengeremo mitengo ya m'mphepete mwa Rivirivi, chifukwa damu lokwiririka limachepetsa sola imene dziko lingalandire.

Kwa inu amene mwangotsegula wailesi, tikukamba za mmene magetsi a dzuwa angakhazikikire m'mawaya a dziko lathu, ndipo tafika pa ntchito ya masekondi. Pamenepa mabatire ndi amene amapambana. Makina a madzi amafuna kanthawi kuti njira itseguke, madzi athamange m'mapaipi, mphamvu ikwere. Batire limayankha sekondi isanathe. Munda wa ku Golomoti unamangidwa pamodzi ndi batire la mamegawati 5 lotha kupereka mphamvu imeneyo kwa maola awiri. Mtambo ukabwera, batire limatseka mpatawo kuti kutsika kukhale kwapang'onopang'ono, makina a ku Nkula n'kupeza nthawi yotsatira. Ku Kanengo mu Lilongwe ESCOM inayamba ntchito yoika batire la mamegawati 20, ndi thandizo la bungwe la Global Energy Alliance for People and Planet, lothandiza mawaya onse osati munda umodzi. Ku South Australia, chigawo chonse chitathima mu Seputembala 2016, anamanga batire la mamegawati 100 ku Hornsdale mu 2017, ndipo phindu lake lalikulu linaoneka pogwira liwiro la magetsi lisanagwe. Apa ndi pamene ambiri amasokoneza. Ena akamva kuti kwabwera batire amayembekeza kuti kuthimathima kwatha. Ena amawerengetsa mtengo n'kunena kuti ndalama zatayidwa pa chinthu chokutha m'maola awiri. Onsewa akulipima ndi muyeso wolakwika. Batire lotere silinagulidwe kuti lilowe m'malo mwa Kapichira. Linagulidwa kuti magetsi a dzuwa amene tikulipira kale agwiritsidwe ntchito onse mopanda mantha, ndiponso kuti dziko lisathime lonse chifukwa cha mtambo umodzi. N'zoona kuti mabatire amagulidwa ndi madola ndipo amakalamba. Koma mtengo wake watsika kwambiri padziko lonse m'zaka 10 zapitazi, pamene dizilo wogwira ntchito yomweyo timamugula ndi madola mwezi ndi mwezi. Kwa ine, munda uliwonse watsopano wa mapanelo uziloledwa kulumikiza pokhapokha utabwera ndi batire lake monga anachitira ku Golomoti. Walira mvula walira matope.

Madzulo ndiye pali ntchito. Pali zaka zimene madzi si vuto, komabe magetsi amaperewera dzuwa likalowa, chifukwa makina athu ndi ochepa poyerekeza ndi anthu ofuna magetsi nthawi imodzi. Pa chaka chotere kusunga madzi m'nyanja sikuthandiza. Chosowa ndi makina oti n'kuwayatsa 5 koloko ikakwana. N'chifukwa chake ntchito ya Mpatamanga, pa Shire pakati pa Tedzani ndi Kapichira, ndi yofunika kuposa mmene mamegawati ake oposa 350 akusonyezera. Inakonzedwa kuti ikhale ndi madamu awiri: lalikulu losunga madzi masana n'kuwatulutsa mwamphamvu madzulo, ndi lina kumunsi lolandira madziwo n'kuwabweza mumtsinje pang'onopang'ono kuti a kumunsi asamaone mtsinje ukusefukira usiku n'kuphwa masana. World Bank inavomereza thandizo la madola 350 miliyoni pa ntchitoyi mu Meyi 2025. Idzatenga zaka, ili pa mtsinje womwewo, ndipo mabanja amene adzasamutsidwe ayenera kulipidwa mwachilungamo. Koma ikadzatha, dziko lidzatha kulandira sola yochuluka kuposa lero.

Magetsi a ku Mpatamanga akonzedwa kuti adzalowere pa Phombeya, ndipo apa tafika ku Balaka. Siteshoni imeneyi inamangidwa pa mgwirizano wa Malawi ndi bungwe la ku America la Millennium Challenge Corporation, umene unayenda kuyambira 2013 mpaka 2018, pamodzi ndi mawaya a mavoti 400,000 otalika makilomita 173 okafika ku Nkhoma pafupi ndi Lilongwe. Pa Phombeya pomwepo ndi pamene pakuthera waya wa makilomita 218 wochokera ku Matambo m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amene cholinga chake n'kulumikiza Malawi ku Southern African Power Pool, mgwirizano wa makampani a magetsi a kummwera kwa Africa umene unayamba mu 1995. Kwa zaka zambiri ESCOM inali m'gululi koma mawaya ake ali paokha, vuto lililonse n'kumalisenza yokha. Nkhani zambiri zimangotchula mamegawati 50 amene anagwirizana kuti tiyambe kugula ku Mozambique, koma ine ndikuona kuti phindu lalikulu lili pena. Mawaya athu akamangiriridwa ku Cahora Bassa, ku Kariba ndi ku makina akuluakulu a ku South Africa, liwiro lija la ka 50 pa sekondi limagwiridwa ndi kulemera kwa makina onsewo pamodzi. Mpata umene mtambo wa ku Nanjoka wasiya umatsekedwa ndi magetsi olowa pa waya wa ku Matambo kwa mphindi zingapo, wina aliyense osadulidwa. Ndipo tsiku limene sola idzachuluke kuposa zofuna zathu, monga Lamlungu masana mafakitale atatseka, padzakhala kogulitsa m'malo mozimitsa mapanelo.

Otsutsa ali ndi mfundo zolimba ndipo sindizipeputsa. Akuti chilala chikagwa chimagwa m'maiko angapo nthawi imodzi. Mu 2024 damu la Kariba linatsika kwambiri moti abale athu a ku Chipata ndi ku Lusaka ankakhala opanda magetsi pafupifupi tsiku lonse, ndipo Cahora Bassa ili pa mtsinje womwewo wa Zambezi. Pa chaka chotere aliyense amafuna kugula, wogulitsa amasowa, mtengo umakwera. Akutinso magetsi a kunja amalipidwa ndi ndalama zakunja zimene zimatisowa, ndipo kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngongole iliyonse ya madola inakula nthawi yomweyo. Zonsezi n'zoona, ndipo zikutichenjeza kuti tisadalire waya wa ku Mozambique kuti azitipatsa magetsi chaka chonse. Koma sizikukhudza ntchito ya masekondi ndi mphindi ija, imene imachitika ngakhale tikugula zochepa. Ndiponso chaka chomwecho cha 2024, Kariba ikuphwa, nyanja ya Malawi inadzaza mpaka kumiza malo ogona alendo ku Mangochi, popeza madzi ake ambiri amachokera kumpoto ndi ku Tanzania. Nyengo sizifanana paliponse, ndipo kusiyanako ndi kumene kumapindulitsa olumikizana. Chosamala n'chakuti waya ameneyu ndi mmodzi; chiphaliwali chikamudula tikulandira magetsi ambiri, mpata umene adzasiye udzaposa wa mtambo uliwonse, kotero mabatire ndi makina okonzeka adzafunikabe.

Pali chotsutsa china chimene chimachokera kwa inu eni malo: madzi a mu Shire si a EGENCO yokha. Blantyre Water Board imatunga pa Walker's Ferry madzi amene mzinda wa Blantyre umamwa. Nzimbe za ku Nchalo zimathiriridwa ndi mtsinje womwewu. Ngalande ya Shire Valley Transformation Programme ikuyambira pa Kapichira. Kumtunda kuli asodzi a ku Malombe, nyama za ku Liwonde National Park, ndi olima m'madimba amene minda yawo imamira madzi akakwera. Zitseko zikatsekedwa kwambiri amalira a kumtunda, zikatsegulidwa kwambiri amalira a ku Chikwawa ndi Nsanje, ndipo mu 2024 mkangano umenewu unamveka poyera. Choncho ndikamati nyanja isunge mphamvu ya dzuwa, sindikutanthauza kuti wopanga magetsi azitsegula ndi kutseka mmene wafunira. Malamulo a katsegulidwe ka zitseko adziwike kwa aliyense, ndipo National Water Resources Authority, yomwe imayang'anira madzi a dziko lino, izilengeza msinkhu wa nyanja ndi kuchuluka kwa madzi otuluka pa wailesi, m'Chichewa ndi m'Chiyao, kuti mlimi wa m'mbali mwa mtsinje adziwiretu. Mukaganiza bwino, sola imachepetsa mkanganowu, chifukwa magetsi akamachokera ku malo angapo, oyendetsa baraji sakakamizidwa kumvera zofuna za makina okha.

Ena amati njira yachidule ndi malasha, n'kumakumbutsa za ntchito ya Kam'mwamba ku Neno imene inakambidwa kwa zaka zambiri. Makina a malasha amapereka mphamvu yokhazikika, koma amachedwa kukwera ndi kutsika moti sangathamangitsane ndi mtambo, ndipo mabanki ambiri akuluakulu anasiya kubwereketsa ndalama zomangira makina otero. Zotsika mtengo kuposa zonse ndi malamulo ndi luso, ngakhale sizioneka ndi maso ngati mapanelo. Mwini munda wa sola azineneratu tsiku lililonse mphamvu imene akuyembekeza kutulutsa mawa, ola ndi ola, kuti oyang'anira mawaya ku Blantyre adziwe makina angati oti akhale chire. Mainveta aziikidwa mwakuti asamadzichotse msanga pakagwa vuto laling'ono. Minda isaunjikane malo amodzi, popeza mtambo umodzi sungaphimbe Salima, Balaka ndi Karonga nthawi yomweyo. Ndipo Balaka, ndi dzuwa lake komanso siteshoni ya Phombeya pafupi, ndi malo oyenera munda wotere. Mphepo nayo iganiziridwe, chifukwa mwera umawomba mu Juni ndi Julayi pamene chiperoni chimaphimba dzuwa, ndipo mphepo imawombanso usiku. Kulemba malamulo amenewa ndi kuonetsetsa kuti akutsatidwa ndi udindo wa MERA, bungwe loyang'anira za mphamvu, ndi ESCOM, ndipo mainjiniya amene tikuphunzitsa ku MUBAS ndi ku Mzuzu University apatsidwe mpata wogwira ntchitoyi kuti isamadikire alangizi ochokera kunja.

Ndikudziwa kuti ambiri a inu ku Nsanama, ku Ntaja, ku Nayuchi kapena ku Utale mukumvera pa wailesi ya mabatire kapena pa foni yotchajidwa ndi kapanelo, ndipo mukufunsa kuti zonsezi zikukukhudzani bwanji. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndi amene ankaunikira ndi magetsi, ndipo n'zopweteka kuona mawaya a mavoti 400,000 akudutsa pamwamba pa nyumba younikira ndi tochi. Koma ESCOM singalumikize anthu ambiri atsopano ngati magetsi amene ili nawo ndi osakhazikika ndi odula, ndipo dzuwa ndi limene lero likupereka magetsi omangika msanga ndi otsika mtengo. Palinso gawo limene lili m'manja mwanu. Ntchito zambiri za kuno ndi zotheka masana: kugaya chimanga, kupuntha mpunga wa ku Domasi ndi m'madambo a Chilwa, kupopa madzi othirira m'mbali mwa Shire, kuwotcherera zitsulo pa Liwonde, kuchotsa njere za thonje ku Balaka. Ntchito iliyonse yosamutsidwa kuchoka madzulo kupita masana imachepetsa mabatire amene dziko liyenera kugula. Makampani akuluakulu amalipira kale mtengo wosiyana malinga ndi nthawi imene agwiritsa ntchito magetsi. Mtengowo ukonzedwenso kuti maola a dzuwa akhale otsika, ndipo mwayiwo ufikenso kwa mwini chigayo ndi kalabu ya alimi othirira. Mgodi wa ku Kangankunde ndi mafakitale ena a m'boma la Balaka adzafuna magetsi ochuluka. Akambirane ndi ESCOM msanga kuti ntchito zolemera monga kuphwanya ndi kupera miyala zizichitika dzuwa lili paliwombo. Ndipo aphungu ndi makhansala anu akabwera kudzalonjeza munda wa mapanelo m'dera lanu, afunseni kuti batire lake lili kuti, udzalumikizidwa pa siteshoni iti, ndiponso thiransifoma ya mudzi umene wapereka malowo idzaikidwa liti.